Khofi ndi katapila, ine ndinazindikira mochedwa

Kwathu ku Ntcheu chitini cha Ricoffy chinalipo ndithu, chinkakhala pamwamba pa kabati, koma ukachitsegula munali mabatani, singano, ulusi wakuda ndi kalezala kadzimbiri. Khofi wake mwina anatha ine ndisanabadwe. Ife tinali anthu a tiyi, Chombe, wothira shuga wambiri ngati shugayo alipo, ndi mbatata yophika kapena chigumu. Amalume akabwera kuchokera ku Joni ndi chitini chatsopano ana tinkangolandira fungo basi, kumwa kunali kwa akuluakulu, ndipo ukati uyandikire amayi ankakubweza ndi mawu amodzimodzi, "choka apa iwe, khofi amamaliza magazi". Sindinafunsepo kuti amamaliza bwanji. Ndinkangoona ngati ndi njira yotimana.

Nde mutha kumvetsa kuti nditafika ku koleji n'kupeza khofi akugulitsidwa m'timasacheti pa kagolosale ka pageti, ndinaona ngati ndafika. Nthawi ya mayeso tinkachita zinthu zoti ndikakumbuka pano thupi limachita tsemwe. Kuthira masacheti awiri mu botolo la Coke thovu n'kusefukira m'manja, ena kubwira khofi wouma ngati ufa wa malambe, miyendo ili m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, kuwerenga mpaka tambala woyamba. M'mawa ukulowa mu holo manja akunjenjemera, pakamwa pouma, ndipo zonse zomwe unawerenga cha m'ma 3 koloko usiku zauluka, ukungokumbuka kuti zinali pa tsamba la kumanzere cha m'munsi. Palibe anatiuza kuti ubongo umasunga bwino zomwe wawerenga pamene wagona. Ife tinkaona ngati tulo ndi mdani wa digiri.

Pano ndimagwira ntchito ya maakaunti ku Lilongwe, ndipo amene munakhalapo mu ofesi ya maakaunti kumapeto kwa mwezi mukudziwa kuti ketulo siizizira. Kapu yoyamba ndikangofika, yachiwiri cha m'ma 10 ndi mandasi, ina ndikadya nsima ya pa lanchi chifukwa nsima ya masana imagwetsa munthu pa kiyibodi, ina 4 koloko, ndiye malipoti akakana kubalansa ina 6 koloko, ina 8 koloko. Ndipo si Ricoffy ayi, Ricoffy muli chicory wambiri, muzu wokazinga wongofanana ndi khofi, ine ndinali nditakwera giredi ndikumwa khofi wa m'botolo uja wosasakaniza ndi chilichonse, masupuni awiri odzadza, shuga masupuni atatu, Cremora wa phiri. Maodita akabwera ndinkawonjezera kachitini ka enaji pobwerera kunyumba. Ndinkanyadira kumene. Ndinkauza anyamata atsopano kuti aise ine khofi sandigwira, ndimatha kumwa 9 koloko usiku n'kugona bwinobwino, ndipo ndinkakhulupiriradi zimenezo ngakhale kuti m'mawa uliwonse ndinkadzuka ngati ndamenyedwa ndi anthu.

Usiku wina mu Juni, kukuzizira kuja kwa Lilongwe, magetsi atazima, ndinagona cha m'ma 11 koma maso ali gwa. Kenako mtima unayamba. Kugunda ngati chigayo cha dizilo, du du du du, n'kukhala ngati waphonya kamodzi, n'kuyambiranso. Ndinatembenukira kumanzere, ndikuumva m'khutu. Kumanja, chimodzimodzi. Bambo anga anamwalira ndi sitiroko, nde mutha kuona komwe maganizo anga anathamangira, ndinayamba kuwerengera kuti ngongole ya poloti yatsala miyezi ingati ndipo ana adzaphunzira bwanji.

"Abambo, mwatani?" anafunsa akazi anga mumdima.

"Palibe, gonani."

"Palibe bwanji thukuta lili kamukamu mu Juni muno? Mawa mupite kuchipatala, osati ku ofesi."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa ndinapita pa kakiliniki kena ka pafupi, koma taonani uchitsiru wake, popeza sindinagone usiku wonse ndinayamba ndamwa makapu awiri kuti ndithe kuyenda. Anesi, mayi wachikulire wa magalasi pamphuno, anandimanga chija pamkono, n'kuyang'ana manambala, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo, m'mawa uno mwamwa chani?"

"Khofi basi."

"Makapu angati?"

"Awiri. Ang'onoang'ono."

"Nanga dzulo?"

Ndinayamba kuwerenga ndi zala, nditafika dzanja lachiwiri anesi anavula magalasi aja n'kuseka, osati kuseka konyoza koma kuja kwa munthu amene waonapo zambiri. Anati munthu sabwera kudzayezetsa BP atangomwa khofi kapena kusuta fodya, pamafunika padutse mphindi zosachepera 30, chifukwa kafeini, kanthu ka mu khofi kothamangitsa tulo, amakweza BP kwa kanthawi ndiye makina amakupatsa nambala yoopsa kuposa mmene zilili. Anandikhazika pabenchi, n'kudzandiyezanso, n'kundiuza kuti ndibwerenso masiku atatu osiyana m'mawa ndisanalawe kalikonse. Apa ndinene chilungamo chifukwa ena mungatengere nkhaniyi molakwika. Nditabwerera masiku atatu aja BP yanga inali idakali chokwererako, osati moopsa, koma yofunika kuiyang'anira. Khofi anangoikweza pamwamba pa vuto lomwe linalipo kale la kumtundu, mchere, ndi kamimba aka. Kafukufuku wa mu 2009 wa unduna wa zaumoyo ndi WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa atatu aliwonse ku Malawi kuno ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Nde mtima ukamachita zachilendo musangoti ndi khofi n'kukhala, pitani akakuoneni.

Anesi aja ndi amene anandipatsa nambala yoyamba, mamiligalamu 400. Ndiwo mlingo wa kafeini womwe mabungwe oona za chakudya a ku America ndi ku Ulaya amati munthu wamkulu wabwinobwino atha kumwa pa tsiku popanda vuto. Kapu wamba ya khofi imakhala ndi pakati pa 60 ndi 100 kutengera mmene wathirira, tiyi pafupifupi theka lake, Coke ya 330 ml ili ndi 30 ndi kakuti, kachitini ka Red Bull ka 250 ml kali ndi 80. Ine ndi masupuni anga awiri odzadza kasanu ndi kamodzi pa tsiku, 400 ndinkamudutsa dzuwa lisanapendeke.

Ndinapita kunyumba n'kuyamba kuwerenga, ndipo chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti khofi sapereka mphamvu. Zaka zonsezi ndinkati ndimwe khofi ndipeze mphamvu, ayi ndithu, mulibemo. Zimene zimachitika ndi izi. Kuyambira pomwe wadzuka, mu ubongo mumaunjikana kanthu kotchedwa adenosine, ndipo kakamachuluka kamakakhala m'malo ake ena ake mu ubongomo n'kumauza thupi kuti watopa kagone. Kafeini amafanana nako kapangidwe, nde amathamangira kukakhala pa mipando ija. Zili ngati minibasi yomwe yadzadza ndi anyamata oitanira aja amene amangokhalamo kuti ioneke yodzadza koma sakupita kulikonse. Apaulendo enieni, adenosine uja, angoima pa siteji n'kumachulukirachulukira. Iwe ukumva ngati sunatope, pomwe kutopa kuli panja kukudikira. Kafeini akangotsika onse aja amakwera nthawi imodzi, folofolo, ena pa injini, n'chifukwa chake cha m'ma 3 koloko masana unkapezeka mutu ukugwera pa desiki n'kuthamangiranso ku ketulo. Ndipo ukamamwa tsiku ndi tsiku ubongo umachita zomwe kondakitala aliyense angachite, umawonjezera mipando, nde kapu imodzi yomwe inkakukwanira chaka chatha pano siikumvekanso.

Ameneyo ndi katapila weniweni. Wakatapila sakupatsa ndalama yake, amakubwereka malipiro ako omwe a mwezi wamawa, n'kudzatenga ndi chiwongola dzanja, iwe n'kubwererakonso chifukwa mwezi wayamba uli kale m'dzenje. Ine ndinkabwereka maola a usiku n'kuwadya masana, usiku n'kugona tulo tosakhwima, m'mawa n'kukabwerekanso.

Za "ine khofi sandigwira" zija zinathera pa masamu osavuta. Thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuti lichotse theka la kafeini yemwe wamwa. Ndiye ukamwa mamiligalamu 200 nthawi ya 4 koloko madzulo, pofika 9 koloko usiku 100 akadali m'magazi, 2 koloko usiku 50 akadalimo. Ukhoza kugona ndithu ngati watopa kwambiri, koma tulo take timakhala ta pamwamba, tosafika pansi pomwe thupi limapumuliradi. Mu 2013 ofufuza ena ku America anapatsa anthu mamiligalamu 400 kutatsala maola 6 kuti akagone, n'kupeza kuti tulo tawo tinachepa ndi ola lathunthu ndi kuposerapo, chikhalirecho eni akewo sankazindikira bwino kuti agona moperewera. Ndi ine ndendende. Komanso maola 5 amenewa si a aliyense, chiwindi cha wina chimathamanga cha wina chimayenda pang'onopang'ono, n'zakumtundu. Osuta fodya amamuchotsa msanga kafeini, amayi amene akumwa mapilitsi olera amakhala naye nthawi yotalika pafupifupi kawiri, ndipo cipro uja timapatsidwa kawirikawiri m'zipatalamu amachedwetsanso kuchoka kwake, moti kapu yomwe umamwa masiku onse itha kukunjenjemeretsa sabata yomwe uli pa mankhwalawo. Nde mnzako akamati iye amamwa usiku n'kugona, mwina akunena zoona za chiwindi chake, osati chako.

Ine pokhala munthu wa phuma ndinangoti basi kuyambira lero khofi ndasiya. Linali Lachisanu. Loweruka masana mutu unayamba, osati mutu wamba, uja wogunda kuseri kwa maso ukawerama kuti umange nsapato. Lamulungu kutchalitchi ndinangokhala ngati thumba la chimanga, kuyasamula kosalekeza, thupi lonse kuphwanya, ana akalankhula ndikuwakalipira popanda chifukwa. Mmalawi aliyense mutu ndi kuphwanya thupi amadziwa dzina lake, malungo. Lolemba ndinapita kukayezetsa, anandibaya chala, kudikira mphindi zija, mzere umodzi. Palibe malungo. Ndinatuluka nditakwiya ngati andibera, n'kuima pa kaokala kugula Cafemol, kumwa awiri, ndipo pasanathe ola mutu unangoti zii, ine n'kumati koma mankhwala awa ndi amphamvu bwanji. Madzulo ndikuwerenga kapepala kake ndi pomwe ndinaseka ndekha, dzina lomwelo likunena, muli kafeini. Panadol Extra nayenso ali naye, mamiligalamu 65 pa m'bulu umodzi. Ndinathawa wakatapila pakhomo lakumaso n'kukamubwereka pazenera.

Zomwe zinandigwirazo n'zodziwika bwino kwa madokotala. Ukasiya mwadzidzidzi mutu umayamba pakadutsa maola 12 mpaka 24, umafika pachimake tsiku lachiwiri, ndipo utha kukhala masiku awiri mpaka 9. Kafeini amafinya pang'ono mitsempha ya magazi ya m'mutu, akachoka imatakasuka n'kuyamba kugunda kuja. Njira yake ndi kutsika pang'onopang'ono, kuchotsa kapu imodzi, pakapita masiku angapo ina, kuyambira za madzulo. Ndinachita choncho kachiwiri ndipo sindinamve kanthu kupatula kusowa chochita ndi manja 4 koloko.

Tsono apa ndi pomwe nkhani inandisokoneza, chifukwa ndinali nditakonzeka kumuda khofi ndi mtima wonse, kumalalikira mu ofesi ngati munthu wongotembenuka kumene. Koma ukawerenga zomwe ofufuza apeza, khofi payekha akuoneka kuti si chigawenga. Mu 2017 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza ntchito yomwe inasonkhanitsa pamodzi akafukufuku akuluakulu oposa 200, ndipo chomwe chinatuluka n'chakuti anthu omwa makapu atatu kapena anayi pa tsiku ankapezeka ndi matenda a mtima mocheperapo ndiponso kufa msanga mocheperapo poyerekeza ndi osamwa n'komwe. Matenda a shuga a akuluakulu aja ocheperapo, matenda ouma chiwindi ndi khansa ya chiwindi ocheperapo, matenda onjenjemera a Parkinson ocheperapo. Pa shuga ngakhale khofi wochotsedwa kafeini ankaonetsa zomwezo, kusonyeza kuti mu njere muja muli zinthu zina zambiri zothandiza osati kafeini yekha. Ine monga wa maakaunti ndimakayikira nambala iliyonse yokoma kwambiri, ndipo apa pali pokayikira ndithu, akafukufuku ambiriwa amangotsatira anthu n'kuona amene adwala, sakutsimikizira kuti khofiyo ndiye wachititsa, mwina odwaladwala ndi amene amasiya khofi poyamba, komanso ambiri mwa anthu ofufuzidwawo ndi a ku Ulaya, America ndi Asia, osati a ku Ntcheu odya nsima ya mgaiwa. Palibe dokotala wanzeru angakuuzeni kuti yambani khofi ngati mankhwala. Komabe zotsatira zake zakhala zikubwerezabwereza m'mayiko osiyanasiyana moti sungangozitaya. Ndipo chinandidabwitsa china, kafeini yemweyu amaperekedwa m'chipatala kwa ana obadwa masiku asanakwane amene amaiwala kupuma, amawakumbutsa kupuma. Chinthu chomwe chinkandigunditsa mtima ine usiku chikupulumutsa kamwana kolemera ngati paketi ya shuga.

Nkhani ya khansa ndiye inandikhudza mwa njira yomwe sindinayembekezere. Mu 1991 nthambi ya WHO yoona za khansa, IARC, inaika khofi m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Mu 2016 anaunikanso maumboni onse n'kumuchotsamo. Koma tsiku lomwelo ananenanso china, kuti chakumwa chilichonse chotentha kupitirira madigiri 65, kaya khofi, kaya tiyi, kaya madzi enieni, chikuoneka kuti chimayambitsa khansa ya kummero, chifukwa kuwotcha njira ya chakudya tsiku ndi tsiku kwa zaka kumaiwononga. Azungu ambiri anangomva mbali yoyamba n'kusangalala. Ife mbali yachiwiriyo ndiye yathu, chifukwa Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo ndani wa ife sadziwa munthu amene anayamba kulephera kumeza nsima, kenako phala, kenako madzi, n'kuwonda mpaka kutha. Zoyambitsa zake n'zingapo, fodya, kachasu, utsi wa nkhuni, koma ofufuza amene anafunsa odwala kuno ndi ku Tanzania anapezanso kuti okonda kumwa ndi kudya zotentha kwambiri, mothamanga, mpaka kupsa lilime, ali pa chiopsezo chokulirapo.

Ndipo tiyeni tivomereze mmene timamwera tiyi kuno. Wochoka pa mbaula kulunjika m'kapu ya pulasitiki kapena yachitsulo, wamkaka, nthunzi ili tolotolo, kumwa mokoka ndi mpweya fyuuu, ndipo ukapatsa mlendo tiyi wofunda ndi chipongwe. Pa depoti m'mawa anthu amameza wowira chifukwa basi ikunyamuka. Phala la ana chimodzimodzi. Amayi anga tiyi akangokhala pa tebulo mphindi zitatu amati wazizira kamutenthetsenso. Ine ndinapita kukafufuza za khofi wanga wa mu ofesi n'kubwerako ndi nkhawa ya tiyi wa amayi kumudzi, ndipo kuwauza munthu wa zaka zoposa 70 kuti adikire tiyi apole ndi ntchito yovuta kuposa kubalansa mabuku a chaka chonse.

Koma pa za magazi zija amayi anali ndi mfundo, ndinadzaivomereza akazi anga ali oyembekezera mwana wathu wachitatu. Ku sikelo anawapatsa mapilitsi owonjezera magazi aja n'kuwauza kuti asamamwere tiyi kapena khofi, ndipo asamamwe tiyi pamodzi ndi chakudya, azidikira kaye ola limodzi. Chifukwa chake n'chakuti mu khofi ndi mu tiyi muli zinthu zomwe zimagwira ayironi wa m'zakudya monga nyemba, bonongwe, nkhwani, kuti asalowe bwino m'thupi, ndipo tiyi ndiye amatchinga kwambiri kuposa khofi. Kwa munthu wodya nyama tsiku lililonse si nkhani yaikulu. Koma kuno komwe ayironi wathu wambiri amachokera ku ndiwo zamasamba ndi nyemba, komwe kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi pa atatu aliwonse ndi ana aang'ono oposa theka ali ndi magazi ochepa, ndi nkhani ndithu. Nde khofi samaliza magazi omwe alipo, koma amatha kutchinga zopangira magazi atsopano. Amayi analakwitsa pang'ono chabe, ndipo chigawenga chachikulu chinali Chombe yemwe ankatipatsa ndi mtima woyera uja kkkk.

Kwa oyembekezera palinso za kafeini mwiniwakeyo. Amadutsa n'kukafika kwa mwana, ndipo m'miyezi yomaliza thupi la mayi limamuchotsa mochedwa kwambiri. Kumwa wambiri kumayendera limodzi ndi kupita padera komanso kubereka mwana wochepa sikelo. WHO imati amene akupitirira mamiligalamu 300 pa tsiku achepetse, ku Britain amati asadutse 200, ndipo powerenga muphatikize tiyi, Coke, ma enaji ndi mankhwala a mutu aja. Akazi anga sizinawavute, mimba imeneyo fungo la khofi lokha linkawachititsa nseru moti ndinkamwera panja ngati wosuta.

Shuga ndiye sindikufuna n'komwe kukumbuka. Masupuni atatu kuchulukitsa ndi makapu 6, ndi masupuni 18 pa tsiku mu khofi mokha, osawerengera mandasi ndi enaji. WHO imati shuga wothira asapitirire masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala 6. Ndiye munthu n'kumawerenga kuti khofi amachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga uku akumwa manyuchi a bulauni. Timasacheti ta 3 in 1 tija tatembenuzani muwerenge kumbuyo, zomwe zimalembedwa poyamba ndi zomwe zachuluka, ndipo kawirikawiri khofi amabwera kumapeto ngati mlendo.

Chaka chatha ntchito inanditengera ku Rumphi, ndipo tsiku lina tinakwera mapiri a ku Phoka komwe amalima khofi. Aka kanali koyamba kuona mtengo wake, ine womwa zaka pafupifupi 20. Tizipatso tofiira kukula ngati masawu, ukatafuna khungu lake n'lotsekemera, m'kati muli njere ziwiri zoterera zoyang'anizana. Bambo wina wachikulire anatiyendetsa m'munda mwake akufotokoza za kuthyola zofiira zokhazokha, kukasenda tsiku lomwelo, kuviika, kutsuka, kuyanika pa mathandala, ntchito ya miyezi. Titafika pakhonde mayi a kunyumba anabweretsa fulasiki. Ndinati lero ndimwa khofi wa pamunda. Anali tiyi. Bambo aja anaseka n'kuti khofi ndi wa sukulu fizi, sitimwa ndalama.

Zinandikumbutsa kuti mbewu imeneyi ndi yakale kuno kuposa mmene ambiri timaganizira. Inafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali katundu wamkulu wotumizidwa kunja, mpaka chizindikiro cha boma la atsamunda nthawi imeneyo chinali ndi mtengo wa khofi, asanagwe mitengo n'kupitiriridwa ndi fodya ndi tiyi. Lero akulimidwa ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay ndi m'maesiteti ena a kummwera monga ku Thyolo, pafupifupi yense ndi wa mtundu wa arabica, womwe uli ndi kafeini pafupifupi theka la wa robusta amene amachuluka mu khofi wa m'mabotolo wotchipa. Timalima wabwino n'kutumiza kunja, ife n'kumagula wa fumbi wochokera kunja. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pobwerera ndinagula paketi ya Mzuzu Coffee wogayagaya, ndipo kunyumba ndinkangomuwiritsa mu kapoto n'kusefa ndi kasefa ka tiyi, mpaka nditawerenga kuti khofi wosasefedwa ndi pepala amakhala ndi timafuta tina, cafestol ndi kahweol, tomwe timakweza kolesitero woipa m'magazi ukamamwa makapu ambiri tsiku lililonse. Kasefa ka waya sikagwira timafutato, pepala losefera limagwira. Kwa munthu wa BP ya kumtundu ngati ine ndinaona kuti mapepalawo ndigule basi, ngakhale kuti kuwapeza mu Lilongwe muno nthawi zina umazungulira masitolo atatu. Za m'mimba, ine khofi wa m'mimba yopanda kanthu amandipatsa chilungulira, nde ndimayamba ndadya kaye. Zilonda za m'mimba zenizeni zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori kapena mankhwala opha ululu monga bulufeni, osati khofi, koma ngati zilipo kale khofi amatha kuzikanda.

Pano ndimamwa makapu awiri, ina 7 koloko ina cha m'ma 10, shuga supuni imodzi yomwe ndikulimbana nayobe, ndipo ikakwana 12 koloko ketulo ndimangoidutsa. Kumapeto kwa mwezi ndimagwa nthawi zina, sindinama, mwezi wathawu ndinamwa ya 5 koloko madzulo chifukwa panali 40,000 kwacha yomwe inkasowa mu lipoti, ndipo usiku umenewo ndinamva agalu onse a m'dera lathu mpaka 2 koloko. BP ndimayezetsa mwezi ndi mwezi, m'mawa, ndisanamwe.

Amayi anabwera mwezi wa Epulo kudzaona adzukulu. M'mawa ndinawathirira tiyi n'kumusiya dala kukhitchini mphindi zisanu ndikunamizira kufuna supuni. Atalawa anandiyang'ana.

"Iwe, tiyi ameneyu ndi wa odwala?"

"Ayi amayi, ndi mmene akunenera achipatala, woti azipola kaye."

"Achipatala amwe wawo."

Anamwabe, akung'ung'udza, theka n'kusiya. Tsiku lonyamuka ndikuwanyamulira chikwama ndinamva kulira kwa galasi m'kati, n'kupeza atenga botolo langa lakale la khofi lija, lopanda kanthu, atalitsuka bwinobwino n'kulikulunga m'chitenje. Anati chitini chija chachita dzimbiri, mabatani akuda.